Motoka Yowira pa Burma Road

Dunstan Njobvu sankatha kupirira kusekedwa pamsewu. Ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi m'tauni, ankakhala ku Chelstone ndi mkazi wake Tryness ndi mwana wawo Kayla, ndipo Corolla yake yakale ankaisamala ngati yogula dzulo. Choncho tsiku limene motokayo inawira pa Great East Road, Lachinayi lina m'mawa mu Okutobala, nthunzi ili tolotolo pa boneti, makondakitala a maminibasi akumukuwa kuti achotse mbaula yakeyo pamsewu, iye sanapsere mtima motoka ayi. Anapsera mtima ba Gilson.

Ba Gilson anali makanika wa ku Kabwata, wogwirira ntchito pansi pa shedi ya malata kuseri kwa maflati. Ndiwo ankakonza motoka za malemu atate ake a Dunstan kuyambira kalekale, ndipo Dunstan anakula akuwaitana kuti ankolo. Ankapemphera tchalitchi chimodzi, chifukwa ngakhale anasamukira ku Chelstone, Dunstan sanasiye mpingo wa ku Kabwata kumene anabatizidwira. Sabata ya m'mbuyo mwake, ba Gilson anali atasintha paipi ya redieta imene inayamba kudontha. Ndiye kwa Dunstan nkhani inali yosachita kufunsa. Munthu wagwira za madzi, motoka yawira, wolakwa ndi yemweyo.

Sanawaimbire foni. Atafika ku ofesi mochedwa, malaya atamatirira kumsana ndi thukuta, anatsegula gulu la pa WhatsApp la amuna a ku tchalitchi, mmene munali anthu oposa makumi asanu, ba Gilson ali momwemo, nalemba kuti:

"Abale, chenjelani na ba Gilson. Banichinjila paipi ya redieta, lelo motoka yaboila pakati pa msewu. Kaya paipi banaikamo ni yakale, kaya ni maso yakalamba, siniziba. Ine sinizapelekako futi motoka."

Mayankho sanachedwe. Ba Hector, mkulu wa mpingo amene anali ndi timabasi tiwiri tonyamula ana a sukulu, analemba kuti zikomo potichenjeza. Wina anaika kankhope koseka. Chakumasana ba Gilson anayankha mzere umodzi wokha: "Mubwelese motoka niione." Dunstan anawerenga, n'kuika foni m'thumba.

Motoka anaipititsa ku galaji ina ya ku Northmead, ya chikwangwani chachikulu ndi mipando ya odikirira. Kumeneko anasintha chivindikiro cha redieta ndi temostati, kachitsulo kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha. Lamlungu anayenda nayo msewu uli pululu, singano yoonetsa kutentha osasuntha pakati. Anabwereranso m'gulu muja kukalemba kuti motoka yachira tsopano m'manja mwa anthu odziwa ntchito. Sabata yonse yotsatira singanoyo inkakwerako pang'ono madzulo akamaweruka, koma iye ankadziuza kuti ndi dzuwa la Okutobala chabe.

Loweruka anatenga Tryness kukagula mphatso ku Kamwala, kuti akamutule ku Woodlands kumene kunali kitcheni pati, phwando lolangiza mkwatibwi, ya mwana wa mkulu wake wa Tryness. Malaiti anali atapita chigawo chonsecho, maloboti osayaka, ndipo pa Burma Road motoka zinathithikana zosaoneka mutu wake. Ankayenda pang'ono, n'kuima, kuyendanso pang'ono, n'kuima. Dunstan anali dzanja pa huta nthawi yonse.

"Atate ake Kayla, huta siyendesa motoka," anatero Tryness akudzikupiza ndi pepala. Kenako analoza kutsogolo kwa chiwongolero. "Onani ka singano."

Singano inali itafika pofiira. Dunstan anakhotera pambali, pafumbi, pafupi ndi kantemba kogulitsa zoziziritsa kukhosi, nazimitsa injini. M'boneti munkamveka kubwata ngati mphika wa nyemba. Anaimba foni ku Northmead. Amene anayankha anati Loweruka amatseka wani koloko, abweretse motoka Lolemba.

"Ba Gilson bali chabe apa kuseli," anatero Tryness.

"Awe."

"Manje tizankala pano mpaka Mande?"

"Nakamba ati awe, amake Kayla. Nizaiona neka."

Tryness sanatsutsenso. Anasiya mphatso pampando, nakonza duku lake, n'kuwoloka msewu ndi nsapato zake zazitali, kulowera kumaflati. Dunstan anamuyang'ana mpaka anazimirira, ndipo mumtima ankapempha kuti akapeze shedi yotseka, kapena kuti mkuluyo akane. Kukana kukanamupepukira.

Anatsegula boneti, nakulunga mpango kudzanja. Anali atangogwira chivindikiro cha redieta pamene mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Osasegula! Muzapya kumaso. Lekani izizile."

Ba Gilson anali ataima pamenepo ndi ovolosi yawo yabuluu yosuluka, chigubu cha madzi dzanja lina, kachikwama ka masipanala dzanja lina. Tryness anali pambuyo pawo.

"Muli bwanji, ankolo," anatero Dunstan.

"Nili bwino, ba Njobvu."

Chibadwire sanamuitanepo choncho. Nthawi zonse anali Dunstan, kapena mwana wa Matthew. Dunstan anabwerera pambuyo, nawapatsa malo.

Mkuluyo sanayang'ane china chilichonse poyamba. Analunjika pa paipi imene anaika yekha. Anaiyendetsa chala kuchokera kumutu mpaka kumapeto, nagwedeza zomangira zake zonse ziwiri, kenako anawerama mpaka nkhope inatsala pang'ono kukhudza injini yotenthayo, mutu ataupendeketsa kuti aone ndi diso lakumanja. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ataweramuka anatulutsa mpweya wautali.

"Paipi ili chabe bwino," anatero chapansipansi, osauza munthu aliyense.

Apo m'pamene Dunstan anazindikira kuti masiku onsewa mkuluyu ankadzikayikira. Sanabwere kudzapambana mkangano. Anabwera kudzaona ngati analakwitsadi.

"Maso yavuta, ankolo?" anafunsa Tryness mofatsa.

"Ili la kumanzele lili na ng'ala. Banilemba ku chipatala, Novembala." Ananena ngati nkhani ya nyengo, akupukuta manja ndi kansanza.

Dunstan anayang'ana pansi. Za masozo iye anangolemba kuti mawu apweteke. Sankadziwa kuti akugunda pachilonda chenicheni, pamaso pa amuna makumi asanu.

Anadikira injini izizire. Motoka zinkakwawabe pamsewu, anthu a m'mabasi akusuzumira. Mayi wa pakantemba anatulutsira Tryness kampando. Patapita nthawi ba Gilson anaphimba chivindikiro ndi nsanza, nachipotoza pang'onopang'ono mpaka mpweya unatha kufwiririza, n'kuthiramo madzi. Anagwada kusuzumira pansi pa motoka ngati pali podontha. Panalibe. Anatsegula pothirira oilo, nayang'ana kunsi kwa chotsekera chake.

"Oilo ikankala monga tiyi ya mukaka, ndiye kuti manzi yalowa mu injini, gasiketi yapya. Iyi ili bwino. Muli na mwayi." Anatseka. "Manje niuzeni. Imapya nthawi bwanji? Mukathamanga, olo mukaimilila?"

Dunstan anaganiza. Pa Great East Road paja anali mu mzere wosayenda. Lero chimodzimodzi. Madzulo aja singano inkakwera akaima pamaloboti, n'kutsika msewu ukatseguka.

"Nikaimilila," anayankha.

"Kuja munaipeleka banakufunsani ivi?"

"Sibanafunse."

Ba Gilson anangogwedeza mutu. Anafotokoza kuti motoka ikamathamanga, mphepo ya pamsewu ndiyo imaziziritsa madzi mu redieta, koma ikaima ntchito yonse imatsalira fani. Anauza Dunstan kuti alize injini ndi kuwauza singano ikadutsa pakati. Dunstan anakhala pampando, chitseko chotsegula, maso pa singano. Inakwera, inafika pakati, inapitirira.

"Yapitilila, ankolo."

"Fani siizungulila. Zimyani."

Anatulutsa mawaya awiri m'kachikwama, nalumikiza fani molunjika ku batire. Nthawi yomweyo fani inalira, kuuluza fumbi ndi masamba ouma.

"Fani ni yamoyo. Moto ndiye siufika."

Pambali pa batire panali bokosi lakuda lapulasitiki. Analitsegula, nazula fyuzi imodzi, naikweza kudzuwa, akutsinzina. Kenako anaipereka kwa Tryness.

"Amake Kayla, nionelenikoni ka waya ka mukati ngati nikoduka."

"Kali bwino, ankolo. Sikanaduke."

Mkuluyo anaibwezera pamalo pake. M'bokosi momwemo munali timabokosi tina ting'onoting'ono tofanana, kukula kwake ngati theka la bokosi la machesi. Ba Gilson anati amenewo ndi malilei, ndiwo amatsegulira moto kupita ku fani, ku huta ndi ku malaiti. Anaika chala pa kamodzi, kenako pa kena, n'kuima. Anatembenuka.

"Lizani huta."

Dunstan anadina. Huta inalira mwamphamvu mpaka mayi wa pakantemba anadzidzimuka.

"Pamene motoka inabwela kwa ine, huta inali yakufa," anatero ba Gilson pang'onopang'ono. "Ninakuuzani ati lilei yake yapya, nizakufunilani ina. Anaikonza ndani?"

Dunstan anayang'ana m'bokosimo. Anakumbukira zonse nthawi imodzi. Linali Loweruka lija motoka itangochoka kwa ba Gilson. Iye anatopa ndi kuyenda m'tauni wopanda huta, ndiye atatsuka motoka pabwalo anaonera kakanema pafoni, ka munthu wonena kuti lilei ikapsa ungathe kubwereka ina yofanana nayo m'bokosi momwemo. Anazula imene kunsi kwa chivindikiro cha bokosi inalembedwa kuti ndi ya fani, akuganiza kuti ndi fani ya mkati yopemerera okwera, imene sankaiyatsa n'komwe poti amayenda mawindo ali otsegula. Yakufayo anaitsindika pamalo potsalapo kuti isatayike. Huta italira, anaitana Tryness ndi Kayla kuti adzamve, akudzitama kuti zinthu zina sizifuna makanika. Inali ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo anaiiwala tsiku lomwelo.

Ba Gilson sanadikire yankho. Anazula malilei awiriwo, nawasinthanitsa malo, nauza Dunstan kuti alizenso injini. Singano itangodutsa pakati, fani inayaka yokha, ndipo posakhalitsa singano inayamba kutsika. Mkuluyo anapisa dzanja pawindo nadina huta. Zii.

"Kapena ni baja ba ku Northmead banasokoneza," anatero, akutseka bokosi, osayang'ana munthu.

Dunstan anaona kuti akumutsegulira khomo lothawira. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo mlandu ukanapita kwa anthu amene sakanaumva n'komwe. Anatsegula pakamwa. Tryness anali kumuyang'ana ali pakampando paja, manja pamiyendo, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti nayenso wakumbukira Loweruka lija.

"Nine, ankolo," anatero Dunstan. "Nine ninachinja. Neka, ku nyumba."

"Oho."

Basi. Sanaseke, sanakweze mawu. Anakulunga mawaya awo, nathira madzi otsala m'kabotolo ka pambali pa redieta, natsitsa boneti mosamala.

"Muzayenda bwino manje. Huta ndiye mulibe. Mukagule lilei, osati kubweleka."

"Ankolo, vamene ninalemba vija..."

"Muzachedwesa amake Kayla."

"Lekani tikupelekeni."

"Ni pafupi."

Ananyamula chigubu chopanda kanthu, nadikira mpata pakati pa motoka, nawoloka. Dunstan anaona mmene ankatembenuzira mutu wonse kuti aone kumanzere.

Dunstan ndi Tryness anapitiriza ulendo wa ku Woodlands. Nthawi ndi nthawi fani inkayaka, ndipo Dunstan ankaimva bwinobwino ngakhale pamsewu panali phokoso. Atafika pageti la nyumba ya kitcheni pati, ng'oma zikumveka kale mkati, Tryness anatenga mphatso yake koma sanatsike msanga.

"Ba Hector banachosako mabasi yabo yonse yabili kwa ba Gilson," anatero. "Bakazi babo ndiye baniuza. Na ba Chalwe ba mu mpingo banachosako motoka yabo. Nenze kufuna kukuuzani, koma munali bokalipa."

Anatsika, natseka chitseko mwaulemu, zimene zinamupweteka Dunstan kuposa akanachimenyetsa.

Dunstan anasuntha motoka pang'ono, naima pansi pa mtengo wa jakaranda umene maluwa ake ankagwera pagalasi. Anatulutsa foni, natsegula gulu lija. Mauthenga ake awiri anali akadali pomwepo. Analemba kuti panali kusamvana pang'ono pa nkhani ya motoka. Anawerenga, nafufuta. Analemba kuti vuto lapezeka kuti silinali paipi. Zimenezo zinali zoona, koma anadziwa kuti akubisalabe, nafufutanso. Anakhala nthawi yaitali foni ili m'manja, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo akumuyang'ana mokayikira. Pamapeto analemba kuti:

"Abale, vamene ninakamba pali ba Gilson vinali va boza. Paipi banaika ili bwino. Nine ninaononga motoka yanga, ninachosa lilei ya fani kuika ku huta. Lelo yaboila futi pa Burma Road, ba Gilson ndiye babwela kunithandiza. Ninabanyoza popanda chifukwa. Nipempa chikhululuko kwa beve na kwa imwe monse."

Anatumiza. Uthenga woyamba uja unayankhidwa pasanathe mphindi, koma uwu unakhala wokha. Anthu ankawerenga, mayina awo akuoneka mmodzimmodzi, osanena kanthu. Patapita ola, wina anaika timanja topemphera. Ba Gilson anawerenga chakumadzulo, ndipo sanayankhe.

Lamlungu mapemphero atatha, Dunstan anatsatira ba Hector poimika motoka. Anawafotokozera zonse kachiwiri, anthu akudutsa ndi kupereka moni. Anawapempha kuti abwezere mabasi awo ku Kabwata.

Ba Hector anamvetsera mpaka kumapeto, akusewera ndi makiyi.

"Namvela, ba Njobvu. Koma napangana kale na muntu wina ku Libala, siningamuleke manje manje. Imwe ndimwe munatiuza ati tichenjele. Ine ninyamula bana ba bantu."

Dunstan anapita kukapempha enanso. Ba Chalwe okha ndiwo anati aona mwezi wamawa.

Lolemba nthawi ya chakudya chamasana Dunstan anagula lilei m'sitolo ya zipangizo za motoka m'tauni, napita nayo ku Kabwata. Pashedi panali motoka imodzi yokha, kaveni koyera, pamalo pamene kale pankakhala zinayi kapena zisanu. Ba Gilson anali kunsi kwake, miyendo yokha ikuoneka. Dunstan anapereka moni, naima pambali ndi tayi yake, osadziwa poika manja. Anadikira mpaka mkuluyo anamaliza zimene ankachita n'kutuluka.

"Nabwelesa lilei, ankolo."

Ba Gilson anailandira, naitembenuza pafupi ndi diso lakumanja, nawerenga manambala ake. Anapita pa Corolla, nazula yakufayo, natsindika yatsopano. Huta inalira. Yakufayo anaiponya m'chitini cha zinyalala.

"Ninabelenga vamene munalemba," anatero.

"Nikhululukileni, ankolo. Nenze kufunika kukutumilani foni chabe."

"Ee. Foni chabe." Anapukuta zala chimodzichimodzi. "Ine nakhululuka, Dunstan. Atate banu naonso benze na mutima wapafupi, koma benze kubwela pano kunikalipila pamaso, tasiliza, tamwa tiyi. Iyi ya mu foni siniiziba mochosela."

Dunstan anafuna kunena kuti auza anzake a ku ofesi abweretse motoka zawo, kuti alankhulanso ndi ba Hector, kuti tsiku la ku chipatala adzawatenga yekha. Ananena chomaliza chokhacho.

"Keziah azanipeleka," anayankha ba Gilson, kunena mwana wawo wamkazi. Anaganiza pang'ono. "Koma ngati ali ku nchito, nizakuuzani."

"Na sevisi ya Disembala, nibwelese?"

"Tizaona mwamene diso izankalila."

Mwini kaveni anatulukira akuyang'ana wotchi, ndipo ba Gilson anagwadanso, nalowa kunsi kwa motoka. Dunstan anaima kanthawi, koma panalibenso chimene ankafunikira pamenepo. Anabwerera ku ofesi nthawi yachakudya itatha kale, asanadye kanthu, ndipo mnzake wa patebulo loyandikana atamufunsa ngati motoka yachira, anangoti inde, n'kutsegula mafaelo.